Eya Amene Ndinawayankha a Dominiko

Veronika mwana wanga,

Ndakhala pakhonde pano kuyambira dzuwa lili paliwombo, ndipo tsamba loyamba ndang'amba kawiri. Ukudziwa mmene dzanja langali limagwirira cholembera, chala chachikulu ndi kachala kakumapeto basi, ndiye ukaona zilembo zikukwera phiri usaseke. Iwe uli kwa azakhali ako kukatsanzika. Ndaona kuti ndilembe, chifukwa pakamwa ndimayamba bwino, kenako ndimakhotera ku nkhani za mbatatesi ndi feteleza, chenicheni osanena. Nkhungu yayamba kutsika ku Chongoni, ndipo ikatero zala zimene kulibezi zimawawa ngati zilipo.

Mawa ukupita ku Blantyre kukayamba ntchito yokonza makina kunyumba yosungiramo katundu. Tsiku limene unabwera ndi kalata ya ntchito unaiwerenga mokweza pabwalo pano, ndipo utafika pa mawu akuti uzikakonzanso mafokolifiti unaima, n'kundiyang'ana. Ine ndinangoti, "Zili bwino," n'kulowa m'nyumba. Unaganiza kuti ndakwiya. Sindinakwiye ayi. Ndinachita mantha, ndipo sindinafune kuti uone.

Kusukulu ya ntchito zamanja anakuphunzitsa zambiri zimene ine sindizidziwa. Ine ndinaphunzira ndi maso, wopanda buku. Choncho sindikuphunzitsa kukonza makina. Ndikuuza mmene munthu amapwetekera, poti zimenezo ndiye ndinakhoza.

Fokolifiti ikamayenda, itasenza matumba pa mafoloko ake awiri achitsulo aja, aliyense amaiopa, amapatuka. Ikaima, injini n'kuzima, anthu amaitsamira, ena amadyerapo chimanga chootcha. Koma onse amene ndinawaona akupweteka ndi maso angawa, sinawapweteke yoyenda. Inawapweteka yoima, yodwala, imene tinkati tikuikonza. Gwira zimenezi poyamba, Veronika. Makina ozima sanafe.

Ndinapita ku Lilongwe iwe ukukwawa. Ndinayamba ndi kusenza matumba a feteleza pamutu, kutsitsa m'malole. Pamalopo panali makaniko wina, a Dominiko, munthu wamfupi wa ndevu zambiri, amene ankagwira ntchito akung'ung'udza nyimbo za Misa. Tsiku lina anandimva ndikutchula Chongoni, n'kundiitana.

"Iwe, kwanu n'ku Dedza?"

"Eya, bambo."

"Ine wa kwa Kaphuka. Khosi limenelo likutha ndi matumba. Ubwere mawa uzindigwirira sipanala."

Ndi mmene ndinayambira. A Dominiko anali ndi malamulo atatu okha, ndipo ankawanena tsiku lililonse mpaka kutopetsa. Kiyi m'thumba mwako. Matayala utchinge ndi chipika. Mafoloko akhale pansi, ndipo ngati ntchito ikufuna kuti akhale m'mwamba, uwachirikize. Zochirikizira zake zinali mizati iwiri ya bulugama, yonenepa ngati ntchafu, imene anaipaka penti yofiira. Mizatiyo ankaitcha amalume. Ankati mlandu sukambidwa amalume palibe. Anthu ankaseka, ine ndinkasekanso nawo.

Kulakwa kwanga koyamba kunalibe magazi, ndipo n'chifukwa chake kunandipusitsa. Ndinali nditagwira nawo ntchito chaka chimodzi, ndikudziona ngati ndadziwa. Tsiku lina a Dominiko anapita kukagula zipangizo m'tauni, n'kundisiyira fokolifiti imene mabuleki ake ankavuta. Simenti ya pamalopo inali yotsetsereka pang'ono kuloza kuchitseko, moti ndi maso sungaone, koma madzi okolopera ankadziwa. Chipika chotchingira matayala chinali poteropo, mapazi khumi okha. Ndinati ndingosuzumira kaye. Ndinagwada kumbuyo kwa tayala, bokosi la masipanala lili pambali pa bondo langa, ndipo nditangomasula waya wa mabuleki makinawo anayamba kuyenda okha, mwakachetechete, ngati ng'ombe yotopa. Ndinadzigwetsera kumbali. Bokosi lachitsulo lija linaphwanyika n'kukhala ngati chitini chopondedwa. Ndinalibisa kuseri kwa migolo, n'kunama kuti labedwa. Madzulo ndinkafotokozera anzanga moseka, ndikudzitama kuti ndine wochangamuka.

Mvetsa apa, mwana wanga. Tsiku limenelo ndinayenera kuphunzira mantha, koma ndinaphunzira kuti ndili ndi mwayi. Chinthu chikakuphonya, usachibise ndipo usachiseke. Ukanene kwa akuluakulu tsiku lomwelo, ngakhale ukhale wolakwa ndiwe. Manyazi amatha pofika Lachisanu. Matayala utchinge, ngakhale pansi paoneke posalala ngati tebulo.

Kulakwa kwachiwiri ukukudziwa, wakula ukukuona pa dzanja langa, koma sindinakuuzepo mmene kunayendera. Inali nthawi ya nkhomaliro. Tcheni chokweza mafoloko chinkalira chifukwa chouma, ndipo ndinati ndichipake girisi anthu asanabwere. Ntchito ya mphindi zochepa. Kiyi ndinaiona ili pamalo pake, ndinaiyang'ana ndithu, n'kunena mumtima kuti aliyense ali kokadya. Ndinaima kutsogolo, dzanja lamanja lili m'kati pakati pa tcheni ndi gudumu lake. Dalaivala wathu, a Maliko, anabwera msanga tsiku limenelo chifukwa lole ina inkadikira. Anakwerera mbali inayo, mulu wa matumba utanditchinga. Ndinamva injini ikulira ndi tcheni chikukoka nthawi imodzi. Sindinamve kuwawa poyamba. Ndinangoona golovesi yatuluka mbali ina ili yaphwatalala.

A Maliko ndinawada miyezi yambiri. Ndili m'chipatala ndinkauza aliyense wobwera kuti munthu uja wandipha. A Dominiko anabwera tsiku lachitatu, anakhala pamphepete pa bedi, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anatulutsa kiyi ya fokolifiti ija m'thumba, n'kuiika pabulangete.

"Iyi inali kuti, Filipo?"

Ndinaiyang'ana kiyiyo. Iwo anapitiriza:

"A Maliko sakudya. Asanza masiku awiri. Akadzabwera udzawapatse moni."

Kiyi m'thumba mwako, Veronika. Osati patebulo, osati kwa mnzako, osati pamsomali. M'thumba la ovololo yako, ndipo uziigwira ndi dzanja kuti umve kuti ilimo usanalowetse chala paliponse. Ngati ndi ya batire, uzule chingwe chake. Upachike chikwangwani pachiwongolero. Wina akadzati, "Ndibwereke pang'ono ndingoisuntha," utuluke kaye iwe, uime patali, ndiye umpatse. Kiyi m'thumba.

Ndi zina zing'onozing'ono ndinene pompano ndisanaiwale. Kolona yako ija umaivala m'khosi, pantchito uziivula, uziika m'chikwama. Ambuye amamva ngakhale ili m'chikwama, koma kachitsulo kakakhudza batire kamaotcha, ndipo chingwe cholendewera makina amachikonda. Tsitsi uzimanga, ulowetse m'chipewa. Paipi ya oyilo ikamadontha usamafufuze pobooka ndi chala, oyilo wopanikizika amaboola khungu ngati singano. Foni ikalira uli pakati pa ntchito, ilire. Ngakhale ndikhale ine.

Tsopano ndafika pamene ndang'ambira masamba aja. Inu nonse pakhomo pano mumadziwa kuti ndinasiya ntchito chifukwa cha dzanja. Si zoona. Dzanja litapola ndinabwerera kuntchito, ndipo ndinagwira pafupifupi chaka china.

Anandilandira mwachisoni, ndipo ine ndinkadziwa kuti akundiyang'ana ngati munthu wa zala zisanu ndi ziwiri angathandizebe. Ndiye ndinasanduka munthu wa eya. Kapitawo akaitana, ndinkathamanga. Akafunsa ngati chakuti chatheka, ndinkati eya, kenako n'kukachichita mobisa. Mawu akuti "sindinachite" ndinkawaopa kuposa makina.

Inali nyengo imene mvula yayandikira, aliyense akufuna feteleza. Malole anandanda mpaka kumsewu, madalaivala akuliza mahutala. Mafokolifiti tinali nawo awiri, ndipo imodzi inayamba kudontha oyilo pa paipi ya m'munsi, imene imapereka mphamvu yokweza mafoloko. Kuti munthu afike pa nati ya paipiyo, mafoloko ndi chitsulo chonse chimene amamangidwapo ankayenera kukwezedwa kupitirira mutu. A Dominiko anati, "Kweza, uike amalume. Ine ndikatenge sipanala yaikulu."

Ndinakweza. Ndinazimitsa injini, kiyi n'kuika m'thumba, poti phunziro limenelo ndinali nditaligula ndi zala. Nditayang'ana pamene mizati ija inkakhala, panalibe. Ndinakumbukira kuti dzulo lake ndinaigwiritsa ntchito kumapeto kwa nyumbayo, n'kuiwala kubweza. Ndinayamba kupita kukaitenga, koma kapitawo ananditsekera njira, nkhope ili thukuta lokhalokha, akufunsa kuti makinawo atha nthawi yanji, bwana akuimba foni. Ndinaima kuti ndimuyankhe. Nthawi yomweyo a Dominiko anabwerera kudzera kumbuyo kwa makina, anagwada, n'kulowetsa mutu ndi mapewa pansi pa chitsulo chija, maso ali pa paipi. Osadzutsa mutu anafunsa:

"Amalume alipo?"

Kapitawo anali akundiyang'ana. Ndinati, "Eya."

Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi chifukwa chake. Ndinkadziwa kuti a Dominiko amayamba apukuta nati ndi kansalu, amang'ung'udza kaye vesi yathunthu, ndiye ndinaganiza kuti ndithamanga, ndibwera nayo mizatiyo asanagwire sipanala. Ndinachita manyazi kunena pamaso pa kapitawo kuti ndinaiwala. Basi, palibenso china. Koma tsiku limenelo nawonso anali pachangu. Ndisanayende mapazi asanu ndinamva oyilo akuphulika, kenako chitsulo. Phokoso lake sindingalilembe.

Tinawachotsa ndi fokolifiti inayo, a Maliko akuyendetsa, ife tikukoka. A Dominiko anali maso. Sanalire. Ankangoti, "Miyendo yanga ili kuti? Taonani miyendo yanga ili kuti." Ine ndinaima pamenepo oyilo ali m'majombo, kiyi ili bwinobwino m'thumba mwanga, yopanda ntchito.

Msana unathyoka. Patapita masiku kunabwera anthu a ku ofesi kuchipatala ndi mapepala awo, kudzafunsa mmene zinachitikira. Ine ndinali nditaima kumiyendo kwa bedi. Anafunsa chifukwa chake mafoloko sanachirikizidwe. A Dominiko anayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Ndinaiwala ndekha. Changu." Anthuwo analemba. Mmodzi anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati ndili ndi choonjezera. Ndinapukusa mutu.

Mvula isanathe ndinasiya ntchito n'kubwera kuno. Sindinkathanso kupirira kulira kwa injini ya fokolifiti. Amayi ako ndinawauza kuti dzanja likukanika, ndipo anandikhulupirira, poti dzanjalo ankaliona.

Kwa Kaphuka si kutali, ukudziwa. Koma ndinapitako kamodzi kokha iwo ali moyo, patatha chaka. Ndinawapeza atawagoneka pamphasa pambali pa nyumba, padzuwa, atawafunditsa bulangete ngakhale kunkatentha. Munthu uja anali atatha, ndevu zayera. Akazi awo, a Nabanda, anandilandira ngati m'bale, anati, "Mnzanu wa kuntchito uja wabwera," n'kupita kukaphika tiyi. Titatsala awiri ndinakhala pansi. Anayamba ndi iwo.

"Ndinakufunsa, Filipo."

"Munandifunsa."

"Unati chiyani?"

"Ndinati eya."

Nkhuku inadutsa pamiyendo pawo, iwo osaimva.

"Bwanji simunanene kwa anthu aja?" ndinafunsa.

"Akanakuchotsa, mwina kukumanga. Ndi dzanja limenelo ukanalowera kuti? Msana wanga sukanabwerera. Ndiponso ndine ndinakuphunzitsa. Ndinayenera kudzutsa mutu ndione ndekha. Zaka zonsezi ndinali ndisanalowepo pansi pa mafoloko osagwira mzati ndi dzanja. Tsiku limenelo ndinakhulupirira pakamwa pa munthu."

Ndinapepesa, ndikulira ngati mwana. Sananene kuti andikhululukira, sananenenso kuti sanandikhululukire. Anangoti ndiwatembenuze, mbali imene anagonera yatopa. Ndinawatembenuza. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. A Nabanda atabwera ndi tiyi tinayamba kukamba za mitengo ya mbewu.

Anakhala choncho zaka zinayi, a Nabanda akuwasambitsa, kuwatembenuza, kutsuka zilonda za pamsana, kwinaku akulima okha. Atamwalira ndinapita kumaliro. Ndinaima kumbuyo kwenikweni. Anthu a kwaya yawo ankaimba nyimbo zomwe zija ankang'ung'udza pantchito, ndipo ine ndinachoka asanatsitse bokosi.

Ndiye tamvera, Veronika, pakuti zonse ndalembazi mutu wake ndi uwu. Munthu akakufunsa ngati wachirikiza, ngati wazimitsa, ngati watchinga, usayankhe chimene ukufuna kuchita. Uyankhe chimene wachita. "Ayi, dikirani" ndi mawu awiri okha. Kaya pali kapitawo, kaya pali bwana mwini wake, kaya malole afika ku Limbe, unene kuti ayi, dikirani. Ndipo iweyo ukamalowa pansi pa chitsulo, usafunse munthu. Dzutsa mutu, uone ndi maso ako, ugwire chochirikizacho ndi dzanja, uchigwedeze. Ngakhale wakuuzayo akhale mnzako wapamtima, ngakhale akhale munthu wopemphera. Amene anayankha a Dominiko sanali mdani wawo. Ankawakonda ngati bambo ake.

Kumeneko mwina ali ndi zochirikizira zachitsulo, ndi matcheni omangira, osati mizati ya bulugama ngati ife. Zilizonse zimene ali nazo, ukamaliza ntchito uzibweza pamalo pake tsiku lomwelo, ngakhale utatopa bwanji. Ngozi ya a Dominiko inayamba dzulo lake madzulo, pamene ndinati ndibweza mawa.

Ukakhala mkazi pakati pa amuna, ndipo akakuyesa. Ukamatenga chipika chotchingira tayala adzati, "Asisi akuopa." Ukamaika kiyi m'thumba adzati ukuchedwetsa ntchito. Padzakhala wina wolowa pansi pa mafoloko wopanda kanthu, n'kutuluka akuseka, kukuonetsa kuti ukatswiri ndi umenewo. Ndikumudziwa munthu ameneyo, ndinali ine. Usapikisane naye. Uvomere kuti ukuopa, upitirize kutchinga tayala lako. Ndikuopa mtima wako wofuna kuonetsa kuti ungathe, chifukwa unautengera kwa ine. Uli wamng'ono unkasenza ndowa yaikulu kuposa ya amayi ako kuti anthu akuone. Pamakina mtima umenewo uusiye pachipata.

Ndipo ngati tsiku lina, Mulungu aletse, udzalakwitsa mnzako n'kupweteka, udzanene tsiku lomwelo. Ine ndinapukusa mutu kamodzi m'chipatala muja, ndipo ndasenza chinthu chimenechi kuyambira iwe uli kumbuyo kwa amayi ako mpaka lero wakula ukukalowa ntchito. Kwa ansembe ndinaulula kalekale, anandipatsa malipiro a tchimo langa, ndinapemphera. Koma a Nabanda mpaka lero amadziwa kuti amuna awo anadzipweteka okha chifukwa choiwala. Ana awo anakula akumva zimenezo. Tikakumana pamsika amandipatsa moni ndi manja awiri, amafunsa za dzanja langa. Ndatopa, mwana wanga. Si kutopa kwa khasu.

Amayi ako ndinawauza dzana, tili kudimba. Sanasiye kulima. Anapitiriza mpaka kumapeto kwa mzere, ine nditangoima. Atafika kumeneko anatsamira khasu n'kunena kuti, "Oyenera kumva zimenezi si ine, ndi a Nabanda." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Tipita tonse. Inu nokha mukabwerera panjira."

Choncho mawa tikakukweza basi pa Chimbiya, ife sitibwerera kuno. Tikwera njinga zamoto kupita kwa Kaphuka. Sindikudziwa chimene a Nabanda akandiyankhe. Mwina akandithamangitsa, mwina akangokhala chete ngati amuna awo. Zimenezo ndi zanga, iwe usazisenze. Kalatayi ndiiika pansi pa zovala m'chikwama chako, kuti udzaiwerenge utafika, utakhala pansi. Ukadzayamba kundiona mosiyana pambuyo pake, ndidzamvetsa.

Dzanja lakana, ndilekere pano. Ukafika uimbe. Ndipo masiku akubwerawa tikamakufunsa pafoni ngati uli bwino, ngati akukusunga bwino kuntchitoko, usamatiyankhe eya pofuna kuti tisadandaule. Ngati sizili bwino, uzinena kuti ayi. Tidzadikira, udzatiuze zonse.

Ndine bambo ako,
Filipo